Dolly Rathebe: Joni wina amene sitimuphunzitsa m'kalasi

Aphunzitsi anzanga a History, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, mukudziwa mmene timaphunzitsira nkhani ya anthu athu opita ku migodi ya ku South Africa. Timalemba zifukwa pa bolodi: msonkho, thangata, kusowa kwa ntchito ya malipiro abwino. Kenaka zotsatira: midzi yotsala ndi amayi okhaokha, matenda a chifuwa, njinga ndi masutikesi, matchona amene sanabwererenso. Ana amakopera, amaloweza, mayeso akafika amatibwezera zomwezo, ife n'kuchonga. Zonsezo ndi zoona. Koma Joni amene amatuluka m'manotsi amenewa ndi dzenje lokhalokha, ngati kuti munthu akafika kumeneko ankangolowa pansi n'kudzatulukamo kontrakiti itatha. Nanga Loweruka madzulo ankatani? Ankamvera chiyani, ankasirira ndani?

Kuno ku Magomero vutoli limakula chifukwa mbiri yathu ndi yolemera kale. Tili ndi Bishop Mackenzie ndi mishoni ya UMCA ya 1861, tili ndi esiteti ya A. L. Bruce, tili ndi usiku wa pa 23 Januwale 1915 pamene anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone. Landeg White anafika polemba buku lathunthu la mudzi uno mu 1987. Mwana wa kuno akamva mawu oti mbiri amaganiza za nkhondo ndi zikoti basi. Choncho lero ndikambe za mayi wina woyimba jazi ndiponso wochita zisudzo za pa kanema. Sanali Mmalawi, koma ulusi wa nkhani yake ukautsata bwinobwino umadzathera ku Chileka, ngakhalenso pa bwalo la sukulu yathu.

Dolly Rathebe anabadwa mu 1928 ku Randfontein, tauni ya migodi ya golide kumadzulo kwa Johannesburg, koma anakulira ku Sophiatown. Dzina lake lobadwa nalo linali Josephine. La Dolly Rathebe analitenga kwa mnzake wa ku sukulu, ndipo linamukakamira mpaka kumanda. Sophiatown anali malo achilendo pa nthawi imeneyo, chifukwa anali amodzi mwa malo ochepa kwambiri m'tauni kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula puloti n'kukhala yakeyake. Kumeneko kunali dokotala A. B. Xuma, amene anatsogolerapo chipani cha ANC, kunali wansembe wa Anglican Trevor Huddleston, kunali atolankhani, aphunzitsi, zigawenga zovala masuti a ku America, amayi ofulula mowa, onse khomo ndi khomo. Kunali uve ndi mipeni, inde. Kunalinso nyumba ya kanema yotchedwa Odin, kumene ana ngati Dolly ankaonera mafilimu a ku America n'kumatengera mayimbidwe a akazi akuda a kumeneko.

Cha m'ma 1948 anthu ofufuza oyimba anamumva akuyimba pa chisangalalo china ku Johannesburg. Chaka chomwecho chipani cha National Party cha D. F. Malan chinalowa m'boma n'kuyamba kumanga ulamuliro wa tsankho uja wa apartheid. Zinthu ziwirizi muziike pamodzi m'mutu, chifukwa moyo wonse wa Dolly unayenda pakati pa izo.

Mu 1949 munatuluka filimu yotchedwa Jim Comes to Jo'burg, ena amaitcha African Jim. Anaikonza ndi azungu awiri ochokera ku Britain, Donald Swanson ndi Eric Rutherford, koma ochita sewero ofunika onse anali akuda. Nkhani yake ndi yosavuta. Mnyamata Jim, amene anaseweredwa ndi Daniel Adnewmah, achoka kumudzi kupita ku Johannesburg kukafuna ntchito. Atangofika, akuba amuvula. Mlonda wina amuchitira chifundo. Ayesa ntchito ya m'munda wa maluwa kwa mzungu, imukanika; apeza ina yoperekera zakudya pa malo achisangalalo, ndipo kumeneko akumana ndi mtsikana woyimba, amene ndi Dolly. Pamapeto pake Jim nayenso atulukira kuti ali ndi mawu, ayimba limodzi, zinthu ziwayendera.

Ndikaiganizira nkhani imeneyi ndimaona agogo athu. Paja si onse amene ankapita kudzera ku Wenela. Ambiri ankapita paokha, zimene ankati selefu, kuyenda wapansi kudutsa Tete ndi Halale, ndipo amenewa sankathera mu mgodi ayi. Ankagwira ntchito zomwe Jim anagwirazi: m'minda ya maluwa, m'makhitchini, m'mahotela. Anyasa ankadziwika kumeneko ngati ophika ndi operekera zakudya odalirika. Wina mwa iwo, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, anafika poyambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Munthu wotere atakhala mu holo, magetsi atazimitsidwa, n'kuona pa chinsalu mnyamata wa sutikesi akuberedwa tsiku loyamba m'tauni, sankafunika womumasulira.

Koma tisaikometsere filimuyi mopitirira. Mulibe wapolisi wofunsa chitupa, mulibe komponi, mulibe njala. Azungu ake ndi achifundo, ndipo malo achisangalalo okongola amene Dolly akuyimbamo anali a m'maloto, poti anthu akuda a ku Johannesburg analibe malo otere. Swanson yemweyo patapita zaka zochepa anakonza filimu ya Mau Mau, yoonetsa omenyera ufulu a ku Kenya monga mmene atsamunda ankafunira kuti dziko liwaone. Tsono amene amati Jim Comes to Jo'burg inali shuga wopaka pa bala sakunama. Ine komabe ndimaima pena. Anthu amene ankadzaza maholo sanali opusa, chitupa ankachidziwa bwino kuposa ife, chinali m'thumba mwawo momwemo. Chimene ankalipirira ndalama chinali kuona mkazi wakuda, wa m'dera lawo lomwelo, atavala bwino, ataima kutsogolo kwa bandi, kamera ikumutsata iyeyo osati dona. Asanatero Dolly, munthu wakuda pa kanema ankakhala wonyamula katundu wa mzungu wosaka nyama, kapena khamu lokuwa ndi mikondo.

Kutchuka kwake kunafika poti dzina lake linalowa m'chiyankhulo cha m'makomboni. Munthu akafuna kunena kuti zinthu zili bwino ankati zili "dolly", zikakoma kwambiri "double dolly". Magazini ya Drum, imene inayamba mu 1951, inkaika nkhope yake pachikuto, ndipo inatsegula tsamba la malangizo a zachikondi lotchedwa Dear Dolly, ngakhale kuti oyankha makalatawo kawirikawiri anali atolankhani aamuna a mu ofesi momwemo. Ndimaseka ndikaganiza za atsikana amene ankakhuthula zakukhosi kwawo poganiza kuti akuuza Dolly, pamene akuuza bambo wa ndudu kukamwa. Mu 1957 Can Themba, mmodzi mwa alembi akuthwa a Drum, analemba mbiri ya moyo wake m'magaziniyo.

Nkhani imene ana anga a Folomu 4 amaikonda ndi ya 1952. Wojambula zithunzi wa Drum, mnyamata wa ku Germany dzina lake Jürgen Schadeberg, ankafuna chithunzi cha Dolly atavala zosambira ngati ali m'mbali mwa nyanja. Johannesburg ilibe nyanja. Choncho anakwera pa umodzi wa milu ya mchenga wotayidwa kuchokera m'migodi, kuti mchengawo uoneke ngati gombe. Apolisi anawapeza pamenepo n'kuwagwira powaganizira kuti aphwanya lamulo la Immorality Act, limene linkaletsa mzungu ndi munthu wakuda kugonana. Kwa apolisiwo kunali kosatheka kuti mzungu ndi mkazi wakuda akhale awiriwiri pa chifukwa cha ntchito. Mlandu panalibe, anawamasula, ndipo zithunzizo zilipo mpaka lero. Ndikamafotokoza malamulo a apartheid ndimayambira pamenepa ndisanafike pa Group Areas Act ya 1950, chifukwa mwana amagwira msanga kupusa kwa lamulo akaliona likugwira ntchito pa anthu awiri. Ndipo mchenga umene Dolly anaimapo unafukulidwa pansi ndi manja a anthu, ena mwa iwo a ku Chiradzulu, a ku Mzimba, a ku Dedza.

Tsopano ulusi uja wa ku Chileka. Mu 1951 Swanson anatulutsa filimu yachiwiri, The Magic Garden, yojambulidwa ku Alexandra, ndipo Dolly analimonso. Ndi nthabwala ya wakuba amene aba ndalama ku tchalitchi n'kuzibisa m'dimba, ndalamazo n'kumangoyenda m'manja mwa anthu ovutika. Koma chimene anthu anatuluka nacho mu holo si nkhaniyo. Munali mnyamata wina, Willard Cele, amene ankaliza kachitoliro kachitsulo kotchipa, kamene ana ankagula ngati choseweretsa. Iye ankakaliza mwa jazi, ndipo ku America filimuyi anaitcha The Pennywhistle Blues chifukwa cha kachitoliroko. Anyamata a m'misewu ya Johannesburg anatengera, makampani a mbale za galamafoni anaona kuti pali ndalama, Spokes Mashiyane anayamba kujambula nyimbo zake mu 1954, ndipo mayimbidwe amenewa anadziwika ndi dzina loti kwela. Ambiri amati dzinali linachokera ku galimoto za apolisi, zimene anthu ankazitcha kwela-kwela poti apolisi ankakuwa mawu amenewo pokankhira anthu m'kati. Ife Achewa, Alomwe ndi Ayao a kuno sitifunika dikishonale pamenepa, kukwera ndi kukwera basi.

Kwela inakwera sitima ndi mabasi limodzi ndi anthu obwerera kwawo. Inadzeranso mu wayilesi. Kuyambira 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, ndipo siteshoni ya ku Lusaka inkaulutsa mawu m'Chinyanja kufika ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia komwe. Banja lina la ku Chileka linakakhala ku Salisbury chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ana ake awiri, Daniel ndi Donald Kachamba, anabwerako ali ndi kwela m'makutu. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuyimba mu Blantyre, Daniel pa gitala, Donald akadali kamnyamata pa chitoliro. Pa nthawiyo ku South Africa komweko kwela inali itayamba kale kuzilala. Inadzasungidwa kuno, m'mudzi wa Singano, n'kusakanizika ndi zathu. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001 atakaphunzitsako nyimbozi ku yunivesite ya UCLA ku America.

N'chifukwa chake mawu oti jazi kuno ali ndi tanthauzo lakelake. Mwana wa ku Magomero ukamuuza kuti jazi saganiza za New Orleans. Amaganiza za banjo yopanga ndi chigubu, ng'oma ya chikopa, ndi Alan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu Jazz Band yake. Sindikunena kuti Namoko anaphunzira kwa Dolly Rathebe. Ndikunena kuti mawuwo, ndi mtima wotenga nyimbo ya m'tauni n'kuiyimba ndi zipangizo zimene uli nazo, zinayenda njira imodzi ndi masutikesi aja.

Tibwerere kwa mwiniwake. Mu 1954 Dolly analowa gulu la African Jazz and Variety la Alfred Herbert, limene linkayendayenda m'mizinda ya South Africa, kawirikawiri kuyimbira azungu, ndipo anakhala nyenyezi yake kwa zaka zingapo. M'gulu lomweli munadutsanso Miriam Makeba ndi Dorothy Masuka. Ali m'maulendo amenewa, kwawo kunkagumulidwa. Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi pafupifupi 2,000 analowa mu Sophiatown m'bandakucha n'kuyamba kukweza mabanja m'malole kupita nawo ku Meadowlands. Pomafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu oposa 60,000 anali atasamutsidwa, nyumba zitagwetsedwa, ndipo pamalopo anamangapo dera la azungu n'kulitcha Triomf, kutanthauza chipambano. Kenaka pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville. Kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kusonkhana, ndipo woyimba amene ntchito yake ndi ya usiku anatsala manja m'khosi.

Apa njira za akazi atatuwa zinasiyana, ndipo ndi gawo limene ndimalikonda pokambirana ndi ana. Makeba anatuluka mu 1959, boma linamukaniza kubwerera, dziko lonse lapansi linamudziwa. Masuka, wobadwira ku Bulawayo mu 1935 kwa bambo wa ku Zambia, anali atakwiyitsa kale boma ndi nyimbo yonena za Malan, ndipo itatuluka ina yonena za Patrice Lumumba mu 1961 sanathenso kukhala ku South Africa. Anadzakhalako kuno ku Malawi ndi ku Tanzania, kenaka zaka zambiri ku Zambia kumene anagwirako ntchito yolandira anthu m'ndege. Dolly anatsala. Anayimbako ndi bandi ya Elite Swingsters m'zaka za m'ma 1960, koma nyimbo zinaleka kudyetsa, ndipo mkazi amene nkhope yake inali pachikuto cha Drum anakatsegula shabini ku Cape Town, n'kumagulitsa mowa kwa zaka zambiri.

Ndikafika pamenepa m'kalasi pamakhala kaphokoso, ena kuseka, ena kugwedeza mutu ngati akuti taonani mathero a akazi oyimba. Ndimawafunsa kuti m'kalasi muno ndi angati amene fizi yawo inachokera mu m'phika wa kachasu kapena wa masese. Manja sakwera, koma maso amagwa pansi, ndipo phokoso lija limatha. Mabuku amakonda amene anathawa, chifukwa anakayankhula ku United Nations ndipo zithunzi zawo zilipo. Amene anatsala n'kumalera ana pansi pa chitupa sawerengedwa. Kwa ine shabini ya Dolly ndi gawo la mbiri ya apartheid mofanana ndi pasipoti ya Makeba.

Ndipo ife Amalawi tisafulumire kuloza chala. Zaka zimene Dolly ankagulitsa mowa ku Cape Town ndi zomwe boma la Dr. Banda linatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la apartheid, mu 1967, ndipo mu 1971 Kamuzu anakayenda ku South Africa ngati mlendo wa boma. Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mpaka ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu 74, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Kunonso tinali ndi lamulo lathu la 1968 lounika mafilimu, mabuku ndi nyimbo, ndi lina la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Chithunzi chija cha pa mchenga chikanavuta kuno monga chinavutira uko, kungoti pa chifukwa china. Mkazi ankaloledwa kuyimba ndi kuvina pamaso pa anthu atavala nsalu ya chipani, kapena mu kwaya ya tchalitchi. Woima kutsogolo kwa bandi mu hotela ankanenedwa. Malemu Maria Chidzanja Nkhoma, amene anayimba ndi MBC Band asanadziwike kwambiri ngati muulutsi wa pa wayilesi, ndipo anatisiya mu Januwale 2021, anali mmodzi mwa ochepa amene analimba mtima m'nyengo imeneyo.

Maganizo amenewa sanathe. Aphunzitsi anzanga amene mumayendetsa makalabu a zisudzo mukudziwa zimene zimachitika nthawi ya mpikisano wa ATEM ikayandikira. Mtsikana amene ali ndi mawu ndi thupi la pa siteji ndi yemwe kholo limabwera kudzamutulutsa, ati zisudzo zimuphunzitsa uhule. Mnyamata wochita sewero lomwelo palibe amamulondola. Ndakhala nawo pansi makolo otere kangapo, ndipo mantha awo ndimawamvetsa, poti dziko lake ndi lomweli ndipo pa siteji sipalipira fizi. Chimene ndimakana ndi kunamizira kuti mwanayo akalowa kwaya ndiye kuti luso lake ndi loyera, akalowa sewero ndiye kuti ladetsedwa.

Dolly anabwereranso pa kanema ali ndi zaka 60. Mu 1988 anasewera mu Mapantsula ya Oliver Schmitz, ngati mayi mwini nyumba amene amachititsa lendi kwa kambava kena ka ku Soweto. Iyi inali filimu ya mtundu wina kotheratu ndi ya Jim: muli apolisi, muli ndende, muli sitalaka ya lendi, ndipo boma linailetsa. Zonse zimene filimu ya 1949 inabisa, ya 1988 inaziika poyera, ndipo mkazi yemweyo ali m'zonse ziwiri. Amene muli ndi mpata woonetsa ana mafilimu, ikani ziwirizi motsatizana, muwafunse chimene chinasintha pa zaka 39 zimenezo. Phunziro lake limaposa manotsi a sabata yathunthu.

Kuchokera apo zinthu zinayenda msanga. Anagwirizananso ndi Elite Swingsters n'kujambula nyimbo zatsopano, anayimba pa mwambo wolumbiritsa Nelson Mandela mu 1994, ndipo mu 1995 anasewera ngati mkazi wa m'busa Kumalo, moyang'anizana ndi James Earl Jones, mu Cry, the Beloved Country. Ndalama zimene anapeza ku ukalamba anamangira holo yothandiza okalamba ndi osauka kufupi ndi Klipgat, kumpoto kwa Pretoria, n'kuitcha Meriting kwaDolly, ngati kunena kuti pamthunzi pa Dolly. Mu 2001 analandira mphotho ya ntchito ya moyo wake wonse pa South African Music Awards, ndipo mu 2004 boma linamulemekeza ndi Order of Ikhamanga. Anamwalira pa 16 Sepitembala 2004 atadwala sitiroko, ali ndi zaka 76.

Kwathu kuno wayilesi ya kanema inayamba mu 1999, zaka 50 chitulukireni Jim Comes to Jo'burg, choncho akazi athu a pa kanema ndi a dzulodzuloli. Flora Suya anaoneka mu Seasons of a Life ya Shemu Joyah, Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, ndipo Lily Banda, amene ndi woyimba komanso wa zisudzo monga analili Dolly, anasewera ngati mlongo wake wa William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019.

Ana anga amene muli ku Joni, ndikudziwa kuti mulipo ambiri, ena m'mashopu, ena m'minda ya maluwa ngati Jim. Tsiku lina mukapuma kwerani minibasi mupite kumadzulo kwa tauni. Dzina la Triomf linachotsedwa mu 2006, malowo akutchedwanso Sophiatown. Nyumba zakale pafupifupi zonse zinagwetsedwa, koma tchalitchi cha Christ the King, chimene Huddleston ankatumikira, chikadalipo, ndi nyumba ya Dr. Xuma imene anaisandutsa malo osungira mbiri ya deralo. Mukajambule zithunzi munditumizire, ndikufuna ndizikaonetsa a Folomu 3 tikafika pa mutu wa Wenela temu ikubwerayi.